Kodi ndiike madisiki kumbuyo kwa Hilux yanga?

FUNSO: A Makaniko, ndili ndi Toyota Hilux yakale ndithu, ya dizilo, yomwe ndimanyamulira mbatatesi kuchoka ku Dedza kupita ku Mangochi. Ndikamatsika Khwekhwerere nditapakira katundu, mabuleki amanunkha, ndipo pofika ku Golomoti pedo imakhala ikulowa mkati kwambiri. Mnzanga akuti ndichotse mabuleki a madilamu a kumbuyo ndiike a madisiki oitanitsa ku South Africa. Kodi zithandiza? Wowerenga wa ku Dedza.

YANKHO: Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama, chifukwa zomwe mwafotokozazi sizikuloza ku madilamu. Galimoto ikamaima, kulemera kwake kumathamangira kutsogolo, choncho mabuleki a kutsogolo ndiwo amasenza ntchito yoposa theka. Fungo mukumvalo kawirikawiri limachokera ku mapadi (tizidutswa tofinya disiki kuti galimoto iime) a kutsogolo, komwe kuli madisiki kale.

Pedo yolowa mkati ikundiuza za brake fluid, mafuta a mabuleki. Mafuta amenewa amayamwa chinyontho. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri 230, koma akayamwa madzi amatha kuwira pa 155. Akawira, m'mapaipi mumadzaza nthunzi, ndipo nthunzi mukaiponda imangofinyika osakankha kanthu. Munawasintha liti? Kuthirira ena pamwamba si kusintha ayi. Afunika kutulutsidwa onse zaka ziwiri zilizonse.

Pali chinanso chomwe ambiri sachiyang'ana. Pansi pa ma Hilux akalewa, pamwamba pa difu, pali valavu yokhala ndi kachitsulo katali kolumikiza ku ekiselo. Ntchito yake ndi kumva kuti galimoto yakhala pansi bwanji ndi katundu, kenako n'kuwonjezera mphamvu ya mabuleki a kumbuyo. Koma anthu onyamula matumba amakonda kuwonjezera masipuling'i. Mukatero galimoto sikhalanso pansi, valavu ija imaona ngati mulibe katundu, ndipo kumbuyo kumapita mphamvu yochepa. Ntchito yonse imatsalira mapadi a kutsogolo. Zimandipweteka kuona munthu akuda madilamu pamene madilamuwo sakupatsidwa n'komwe mpata wogwira. Valavuyo ichunidwe, ma shoe (zomwe zimakhuza dilamu mkati mukaponda buleki) asendezedwe kufupi ndi dilamu, ndipo muone ngati masilinda a m'mawilo sakudontha.

Sindikunena kuti madisiki ndi oipa. Amazizira msanga, matope ndi madzi sizikhalitsamo, ndipo kusintha mapadi ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kwa munthu woyenda m'misewu ya matope dzinja lonse, amene madilamu ake amadzaza mchenga n'kudya ma shoe, kusinthako kuli ndi phindu.

Koma ntchitoyi sithera pomanga disiki ndi caliper, chitsulo chomwe chimafinyira mapadi pa disiki. Caliper imafuna mafuta ambiri kuposa silinda ya dilamu, ndiye master cylinder yanu, pampu yomwe pedo imakankha kuti mafuta apite ku mawilo, ikhoza kuchepa, pedo n'kumalowa mkati kuposa lero. Mphamvu ya kutsogolo ndi kumbuyo iyenera kuyezedwanso, apo ayi tsiku lomwe mukubwerera wopanda katundu mvula ikugwa, matayala a kumbuyo ndiwo adzayamba kuleka kuzungulira n'kumakhukhuluzika, galimoto n'kutembenuka pamsewu. Handibuleki nayo ndi nkhani yaikulu: dilamu imagwira zolimba pamtunda, pamene makiti ena otchipa amabwera opanda handibuleki n'komwe. Popanda iyo COF, satifiketi yoti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, simuiona, ndipo a inshulansi akhoza kukana kulipira ngati simunawauze kuti munasintha. Yezaninso ngati caliper ikwane m'malimu anu. Mabulaketi odula ndi kuwotcherera pansi pa mtengo musawalole, chonde. Pamenepo pali moyo wanu ndi wa anyamata okwera pamwamba pa matumba.

Yambani ndi mafuta, mapadi abwino kutsogolo, ndi valavu ija. Mukafika pamwamba pa Khwekhwerere, lowani giya 2 mtsetse usanayambe, pamakona ovuta ngakhale giya 1, injini igwire galimoto. Buleki muziponda mwamphamvu kwa kanthawi kochepa n'kusiya, osaigonera njira yonse. Pedo ikapitiriza kulowa mutachita zonsezi, master cylinder iyesedwe musanapakirenso katundu.