Za mayi wa mu minibasi uja, ndi funso lanu losiya choko

Achemwali, zimene mwalembazi ndaziwerenga kawiri. Mwati mwakhala mukulemba ndakatulo zaka 6, koma sabata yatha mu minibasi yochoka ku Limbe kupita ku Thyolo mudamva mayi wina akusimbira mnzake mmene banja lake lidathera, akusimba uku akuseka, ndipo chichokereni pamenepo tulo palibe, buku lathunthu likuyenda m'mutu. Ndiye mukufunsa ngati zoterezi ndi zenizeni kapena kutengeka chabe, komanso ngati musiye uphunzitsi kuti mulembe.

Ndaona ena akuti mwangotengeka. Ine ndikuti ndi zenizeni, ndipo chakudza sichiimba ng'oma. Koma ndikufuna muone bwino chimene mwapatsidwacho, chifukwa ndikukayika ngati ili nkhani. Nkhani za mabanja otha mukuzidziwa zambirimbiri, zina za pakhomo panu pomwe, ndipo sizidakulandeni tulo. Chimene chakugwirani ndi kasimbidwe, mawu a munthu amene akunena zowawa akuseka.

Zidamuchitikirapo Gabriel García Márquez wa ku Colombia. Mu 1965 ankakhala ku Mexico City, akudyera kulemba zotsatsa malonda ndi nkhani za mafilimu. Mabuku adali atatulutsa kale angapo, koma ogula adali ochepa. Nkhani ya banja lina lalikulu ndi nyumba yawo adayenda nayo kuyambira ali mnyamata, adayiyesapo kuilemba, idamukanika. Tsiku lina akuyendetsa galimoto kupita kutchuthi ku Acapulco ndi mkazi wake Mercedes ndi ana, chidamufikira chinthu chimodzi: ayisimbe monga ankasimbira agogo ake aakazi, amene ankanena za mizukwa ndi zozizwitsa nkhope ili phee, ngati akunena mtengo wa mchere. Iye mwini ankati adatembenuza galimoto n'kubwerera kunyumba. Nkhani adali nayo zaka zoposa 15. Pamsewu paja adangotola liwu loisimbira.

Ndiye mverani mbali imene anthu sakonda kuitchula. Adadzitsekera m'chipinda miyezi 18. Amene adasenza banja ndi Mercedes: nyama ya ngongole kubutchala, lendi yapanyumba kupempha kuti adikire, katundu wa m'nyumba kupita ku pinyolo mmodzimmodzi. Atamaliza, ndalama ya positi yotumizira mapepalawo kwa osindikiza mabuku ku Buenos Aires idangokwanira theka la mtokoma, theka linalo lidatsala kaye. Bukulo, Cien años de soledad, lidatuluka mu 1967, ndipo mu 1982 adalandira mphoto ya Nobel. Ndikamamva nkhaniyi mtima wanga umapita kwa Mercedes. Inu achemwali, Mercedes wanu ndani? Ngati pakhomo amene amagula ufa ndi kulipira fizi ndinu, njira ya Márquez si yanu.

Yanu ikhoza kufanana ndi ya Haruki Murakami wa ku Japan. Uyu adalibe ndi buku limodzi lomwe. Ankayendetsa kabala ka nyimbo za jazz ku Tokyo. Mu April 1978, ali ndi zaka 29, adapita kukaonera baseball pabwalo la Jingu, ndipo wosewera wina wa timu ya Yakult Swallows, Dave Hilton, atamenya mpira bwino, ganizo lidangomugwera lakuti atha kulemba buku. Adakagula cholembera ndi mapepala. Bala sadatseke ayi. Ankagwira ntchito mpaka usiku, akaweruka n'kukhala patebulo la kukhitchini kumalemba. Buku loyambalo lidapata mphoto ya magazini ya Gunzo mu 1979, adalemba lachiwiri akadali pabala pomwepo, ndipo bizinesiyo adadzaigulitsa mu 1981, ataona kuti cholembera chayamba kuyankha.

Kwathu kuno mpofunika kudekha koposa. Osindikiza mabuku ambiri amadalira mabuku a sukulu, ndipo buku la nkhani yopeka limabweretsa kangachepe kooneka makamaka likasankhidwa pa silabasi ya MSCE. Alipo angati amene zimawagwera? Funsani anzathu a ku Malawi Writers Union, mupeza aphunzitsi, atolankhani, ogwira ntchito m'maofesi, amene amalemba m'bandakucha kapena usiku ana akagona. Choko chanucho ndi chimene chigule makope olembamo bukuli.

Ineyo zidandipeza pamaliro. Ndidakhala zaka ndikulemba nkhani zazifupi m'Chingerezi, zosalala bwino, koma wowerenga akamaliza ankangoti "zili bwino" n'kuiwala. Usiku wina kusiwa, nyimbo zitaduka pang'ono, agogo ena adayamba kusimba za njala ya 2002, mmene ankasinjira zitsinde za nthochi kuti apeze ufa, ndi mmene mwana wawo wamng'ono ankafunsira kuti nsimayi bwanji ikununkha dothi. Sadalire, sadakweze mawu. Ankangokonza chitenje paphewa. Nditabwerera kunyumba ndidayesa kuilemba m'Chingerezi, idafa m'manja mwanga. Nditailemba mmene adayankhulira agogowo, idadzuka. Kuyambira pamenepo ndimalemba m'Chichewa, ndipo anthu amene kale sankandiwerenga, azakhali anga omwe, amandiimbira foni kutsutsana nane za anthu a m'nkhani zanga ngati ndi anansi awo. Ndalama sizidachuluke, koma kalembedwe kanga kadatembenuka usiku umenewo.

Mlembi Ngũgĩ wa Thiong'o naye, ali m'ndende ya Kamiti ku Kenya mu 1978, ndi pamene adatsimikiza kuti nkhani zake zopeka azilemba m'Chikikuyu, ndipo buku loyamba lotero adalilemba pa mapepala a kuchimbudzi. Kwathu kuno Jack Mapanje, atatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, ndakatulo zambiri ankazisunga pamtima. Inu muli ndi kope, muli ndi foni, muli ndi tebulo.

Choncho usiku uno, musanagone, lembani mawu a mayi uja monga adatulukira pakamwa pake. Musawakonze. Ngati ankasakaniza Chilomwe, chisiyeni momwemo. Ngati adadula chiganizo pakati chifukwa kondakitala amaitanitsa ndalama, lembani podukapo. Lembani pamene adaseka, ndi chimene mnzake adayankha, kapena ngati adangoti "mhm". Zimenezi zimauluka msanga. Pakangotha mwezi mudzakhala mukukumbukira nkhaniyo koma liwu litapita, ndipo mudzayamba kumuyankhulitsa ngati mphunzitsi ali m'kalasi. Dzina la mudzi, ntchito ya mwamunayo ndi zina zomuzindikiritsa muzisinthe, pakuti mayiyo ankauza mnzake, sankauza dziko.

Kenako muyeseni mayiyo. Mpatseni zimene simudamve mu minibasi: ali kuchigayo, ali kwa ankhoswe, akuuza mwana wake chifukwa chake bambo sabweranso. Ngati akupitiriza kuyankhula yekha, mwina n'kunena zinthu zimene inu simukadaganiza, muli ndi buku. Ngati wangoti zii pa tsamba lachitatu, muli ndi nkhani yaifupi, kapena ndakatulo yamtundu umene simudalembepo, ndipo zimenezonso si zochepa. Ndakatulo zanu za zaka 6 musaziyese zotayika, ndi zimene zidakunolani khutu. Mu minibasi muja mudali anthu oposa khumi, wamva ndinu nokha.

Dzipatseni teremu imodzi, ola limodzi m'mawa uliwonse musanapite kusukulu, ndi tchuthi chikubwerachi. Mukafika masamba 30, nditumizireni ku inbox, ndidzawerenga ndi pensulo m'manja. Pakali pano ndiuzeni chimodzi chokha, chifukwa nanenso chandisowetsa mtendere: pamene mayiyo adaseka kwambiri, adali atangonena chiyani?