Yankho kwa mayi amene anaonera Supergirl ya 1984 n'kusowa chonena

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga tsamba lino, ndipo funso lawo linali lakuti: "Ine ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 12 tinaonera filimu yakale ya Supergirl. Ndinaseka pamalo ambiri pamene ndikukhulupirira kuti sanafune kuti tiseke, komabe sindinathe kuizimitsa, ndipo mwanayo akufuna tiionerenso. Kodi filimuyi ndi yabwino kapena ndi yoipa, ndipo n'chifukwa chiyani anthu ena amaikonda chonchi pamene ena amainyoza?"

Amayi, kuseka kwanuko sikunalakwike, ndipo mwana wanunso sanalakwe poikonda. Filimuyi ili m'gulu la zinthu zimene Azungu amazitcha camp, mawu amene alibe mnzake weniweni m'Chichewa, koma chimene amatanthauza timachidziwa tonse. Ganizirani munthu amene wabwera ku ukwati atavala suti yonyezimira, magalasi akuda, chipewa ndi ndodo, akuyenda monyang'wa ndi mtima wonse, osadziwa kuti wanyanyira. Timamuseka, koma maso athu sachoka pa iye, ndipo tikamakumbukira ukwatiwo timayamba ndi iyeyo. Chofunika pa nkhani imeneyi n'chakuti munthuyo sakuchita nthabwala, chifukwa akanakhala kuti akuchitira dala kuti tiseke, kukoma kwake kukanachepa. Supergirl inapangidwa ndi anthu amene ankakhulupirira kuti akupanga nthano yaikulu, ndipo kusiyana kwa zimene ankafuna ndi zimene zinatuluka ndiko kumatiseketsa.

Filimuyi inatuluka mu 1984, ndipo anaipanga ndi Alexander Salkind ndi mwana wake Ilya, omwe anapanganso mafilimu atatu a Superman amene Christopher Reeve anasewera kuyambira mu 1978. Anaitsogolera ndi Jeannot Szwarc, yemwe anali atatsogolera kale Jaws 2, ndipo mbali yaikulu inajambulidwa ku Pinewood, ku England, kumene anamanga msewu wonse wa tauni ya ku America yotchedwa Midvale. Poyamba panali maganizo oti Reeve aonekemo, koma iye anakana, choncho Superman timangomuona pa chithunzi chopachikidwa pakhoma la chipinda cha atsikana, ndipo wailesi imalengeza kuti wapita kutali kukakhazikitsa mtendere ku nyenyezi zina. Mwachidule, anamutumiza kumudzi kuti asasokoneze nkhani. Pano ndionjezere kanthu kena kamene kamandisangalatsa: filimuyi imati Kara, yemwe ndi Supergirl mwiniwakeyo, ndi msuweni wa Superman, koma bambo ake a Kara, Zor-El, ndi bambo ake a Superman, Jor-El, ndi apachibale a mimba imodzi, kotero kuti mwa chibale chathu awiriwa si asuweni ayi, Kara ndi mlongo wake wa Superman.

Nkhani imayambira mu mzinda wa Argo, umene unapulumuka pamene dziko la Krypton, kwawo kwa Superman, linaphulika. Mzindawu umadalira kampira kakang'ono kotchedwa Omegahedron, kamene kamapereka mphamvu ndi mpweya. Mkulu wina waluso, Zaltar, amakatenga popanda chilolezo, Kara amakaseweretsa, ndipo kamauluka n'kudzagwera pa dziko lino, m'mbale ya chakudya cha mayi wina dzina lake Selena, yemwe wakhala akuphunzira ufiti koma zinthu sizimuyendera. Kara amakatsatira kampirako podziwa kuti akachedwa makolo ake ndi mzinda wonse afa.

Apa ndi pamene pali vuto loyamba, ndipo ndikukhulupirira kuti munaliona. Mtsikana amene wasiya amayi ake akudikira imfa amafika pa dziko lino, n'kudzilembera yekha kalata yabodza m'dzina la Clark Kent, dzina lachiwiri la Superman, n'kulembetsa pa sukulu yogonera komweko ya atsikana, akudzitcha Linda Lee. Amavala yunifomu, amalowa m'kalasi ya masamu, amasewera masewero pabwalo, ndipo amakhala chipinda chimodzi ndi Lucy Lane, mng'ono wake wa Lois Lane, mkazi amene Superman amamukonda, mwangozi basi. Wolemba nkhaniyi, David Odell, ankafuna kuti Kara akhale ndi dzina lachiwiri monga Superman ali nalo, koma sanatipatse chifukwa chimene munthu wothamangitsana ndi nthawi angafunire dzina lotero. Munthu wotumidwa kukaitana dokotala sakhala pansi kusewera bawo panjira, ndipo woonera akangozindikira zimenezi, mantha onse okhudza mzinda wa Argo amatheratu. Palinso zina zing'onozing'ono zosafotokozedwa, monga mmene Kara amatulukira m'nyanja atavala kale chovala cha buluu ndi chofiira chokhala ndi chilembo cha S, chouma bwinobwino, pamene anachoka kwawo atavala mkanjo wina.

Koma pomwepo, pa nyanja yomweyo, pali mphindi zokongola koposa m'filimu yonse, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Kara amatola mwala, amaufinya, ndipo umasanduka fumbi m'manja mwake, iye n'kudabwa ngati mwana. Amayang'ana duwa lofunga, kutentha kwa maso ake kumalitsegula. Kenako amadumpha, n'kupeza kuti sakubwerera pansi msanga, ndipo amayamba kuzungulira pakati pa mitengo pang'onopang'ono, manja atatambasula, chala cha phazi chikukhudza madzi, ngati munthu amene akuvina osati amene akupita ku nkhondo. Zonsezi anazichita ndi zingwe zenizeni, panja, popanda kompyuta, ndipo nyimbo za Jerry Goldsmith zimamunyamula bwino lomwe. Reeve ankauluka ngati ndege yothamangira ngozi, pamene Helen Slater, yemwe akusewera Kara, amauluka ngati munthu amene wangotulukira kuti thupi lake lingathe kuchita chinthu chosangalatsa. Slater anali ndi zaka 19 pojambula, inali filimu yake yoyamba yaikulu, ndipo sapsinyira woonera diso ngakhale kamodzi kuti asonyeze kuti akudziwa kupusa kwa zimene zamuzungulira. Amakhulupirira mawu alionse amene anapatsidwa, ndipo ndikuganiza kuti chimenechi n'chimene mwana wanu anaona. Iye sankaona zingwe kapena mabowo a nkhani, ankaona mtsikana wamphamvu amene si wankhanza.

Pamene Slater akusewera mofatsa chonchi, Faye Dunaway akusewera filimu ina yakeyake. Dunaway anali atalandira kale Oscar chifukwa cha Network ya 1976, ndipo mu 1981 anasewera Mommie Dearest, imene inatchuka chifukwa cha kukokomeza kwake komweko. Monga Selena, amakhala m'malo osewererapo ana amene anasiyidwa, m'kanyumba ka zoopseza, pakati pa mafupa apulasitiki ndi akangaude, atavala mikanjo ya mapewa otambalala ndi tsitsi lofiira lofufuma, akulankhula za kulamulira dziko lonse ngati mmene munthu angalankhulire za kukagula ndiwo. Sanena mawu wamba popanda kutukula nsidze. Pambali pake pali Brenda Vaccaro monga Bianca, mnzake wa mawu osasa amene amamukumbutsa za ngongole ndi mabilu pamene iye akulota ufumu, ndipo kukangana kwa awiriwa ndi nthabwala zokhazo m'filimuyi zimene zinalembedwa dala n'kugwiradi ntchito. Peter Cook, katswiri wa nthabwala wa ku Britain, amasewera Nigel, mfiti imene masana imaphunzitsa masamu pa sukulu ya Kara, ndipo nkhope yake imaoneka ngati ya munthu amene akuwerengera maola kuti aweruke. Peter O'Toole, yemwe dziko linamudziwa ndi Lawrence of Arabia mu 1962, amasewera Zaltar, ndipo amalankhula mawu opanda mutu onena za mphamvu za m'mlengalenga ngati akuwerenga Shakespeare. Iye ndi Dunaway onse anatchulidwa pa mndandanda wa mphoto zonyoza za Razzie, pamene Slater anatchulidwa pa mphoto yolemekeza ya Saturn, ndipo kugawana kumeneku kukusonyeza bwino mmene filimuyi ilili, kuti ndi anthu aluso amene sanagwirizane za mtundu wa sewero limene akuchita.

Zonse zimene ndatchulazi ndimazikhululukira, ndipo zina ndimazikonda. Chimene sinditha kukhululukira ndi chimene anaika pakati pa nkhani. Selena ali ndi chinthu chimene chingayendetse mzinda wathunthu, ndipo chinthu choyamba chachikulu chimene amachita nacho ndi kupanga kondaine. Amaona mnyamata wosamalira mitengo ndi kapinga pa sukulu, Ethan, amene anaseweredwa ndi Hart Bochner, amamukhumbira, n'kumumwetsa mankhwala oti akonde munthu woyamba amene amuone akadzuka. Mnyamatayo amadzuka Selena atatanganidwa, amayenda ali dzandidzandi mpaka m'tauni, ndipo Selena amatuma katapila wopanda dalaivala kuti akamutenge. Katapilayo amaphwanya magalimoto ndi mashopu a Midvale mnyamatayo ali m'kamwa mwake, Kara amamupulumutsa, ndipo munthu woyamba amene iye amamuona ndi Linda Lee. Kuyambira pamenepo Ethan amayenda ndi maluwa ndi chokoleti, akulakatula ndakatulo kwa mwana wa sukulu, ndipo udani wa akazi awiri amphamvu koposa pa dziko umasanduka kulimbirana mwamuna amene sakudziwa n'komwe chimene chikumuchitikira. Superman ankalimbana ndi munthu amene ankafuna kumiza California m'nyanja, pamene mlongo wake anapatsidwa mkangano wa mitala. Pamenepa ndi pamene kuseka kwanga kumazirala, chifukwa zikuonetsa kuti opanga filimuyi sankadziwa chimene mkazi wamphamvu angafune kupatula mwamuna. Ndikuchenjezeninso za chochitika cha madalaivala awiri a thiraki amene amamuvutitsa Kara usiku atangofika m'tauni. Iye amawagonjetsa mosavuta, koma cholinga chawo n'choonekeratu, ndipo ngati mwana wanu sanafunse za icho ulendo woyamba, ndi bwino mukambirane naye ulendo wachiwiri.

Chodabwitsa n'chakuti chakumapeto filimuyi imasonyeza zimene ikanakhala. Selena amamuponya Kara ku Phantom Zone, ndende ya anthu a ku Krypton, imene m'mafilimu a Superman tinkangoiona ngati galasi louluka. Kuno timalowamo, ndipo ndi chipululu cha matope akuda ndi mphepo, kumene Kara alibe mphamvu iliyonse. Amafinya mwala monga anachitira pa nyanja paja, koma ulendo uno dzanja lake ndi limene limatuluka magazi. Amapezako Zaltar atataya mtima, ndipo mtsikanayo ndi amene amamudzutsa nkhalambayo kuti ayese kutuluka, mpaka Zaltar amataya moyo wake kuti iye adutse. Mbali imeneyi ili ndi kulemera kumene mbali zina zilibe, ndipo O'Toole amasiya kukuwa n'kuyamba kusewera. Kenako timabwerera ku phiri limene Selena walimeretsa pakati pa tauni, ku chilombo chooneka ngati chidole cha labala, ndipo kuseka kumayambiranso.

Mwina simukudziwa kuti filimuyi ilipo m'mautali atatu. Kampani ya Warner Bros. inaisiya Superman III ya 1983 itakhumudwitsa anthu, ndipo TriStar ndi imene inaitulutsa ku America mu November 1984 itaidula mpaka mphindi 105. Mayiko ena anaonera ya mphindi 124, ndipo m'chaka cha 2000 panatuluka pa DVD ina ya mphindi 138. Ine ndimalimbikitsa ya mphindi 124, chifukwa yaifupi ija inadula ngakhale kuvina kwa m'mlengalenga kumene ndafotokoza kuja, pamene yaitali imangotalikitsa mavuto omwewo. Pa ndalama, filimuyi inadya pafupifupi madola 35 miliyoni, ndipo ku America inabweza madola 14 miliyoni okha, ngakhale kuti inali pa nambala 1 kumapeto a sabata imene inatuluka. Chaka chotsatira, mu 1985, kampani ya DC inamupha Kara m'mabuku ake azithunzi, patatha zaka 26 chimulengereni mu 1959. Catwoman ya 2004 ndi Elektra ya 2005 zitalepheranso, akuluakulu a ku Hollywood anatenga phunziro lolakwika, lakuti anthu safuna kuonera mkazi wamphamvu, pamene vuto m'mafilimu onse atatuwa linali zolembedwa. Panatenga mpaka 2017, pamene Wonder Woman ya Patty Jenkins inapeza ndalama zoposa madola 800 miliyoni pa dziko lonse, kuti maganizo amenewo agwedezeke.

Choncho, Amayi, pa funso lanu lakuti ndi yabwino kapena yoipa, ine ndikuti nkhani yake ndi yoipa, koma muli mtsikana mmodzi amene anasewera bwino kwambiri, nyimbo zabwino, ndi Faye Dunaway amene simudzamuiwala. Ionereninso ndi mwana wanu, sekani pamene katapila akuthamangitsa Ethan, ndipo mukafika pa kondaine mumufunse mwanayo chimene iye akanachita atatola Omegahedron, chifukwa ndikukhulupirira kuti yankho lake liposa la Selena. Akafuna kupitiriza, mupezereni Supergirl ya pa TV imene inayamba mu 2015, mmene Melissa Benoist ndi Kara, ndipo mumuuze ayang'anitsitse mayi amene amamulera Kara pa dziko lino, Eliza Danvers. Ameneyo ndi Helen Slater yemwe uja, patatha zaka 31.