Mabokosi ndi mivi pa sikirini: kodi mwanayu akuphunzira ntchito?

Bambo wina wa ku Namwera walemba kalata yodandaula. Mwana wawo wamkazi ali chaka chachitatu pa yunivesite, akuphunzira za makompyuta, ndipo panopa ali pa atachimenti ku kampani ina mumzinda. Atabwera kudzacheza kumudzi anawaonetsa zimene amachita tsiku lonse: sikirini yodzaza mabokosi olumikizidwa ndi mivi. Bambowo akuti, "Ndikugulitsa nandolo ndi fodya kuti ndipeze fizi, iye n'kumakoka timabokosi ngati ali ku sukulu ya mkaka? Akumuphunzitsa ntchito kapena angomupatsa choseweretsa?" M'munsi mwa kalatayo mwanayo wawonjezera lake. Akuti pulogalamuyo ndi SSIS ya Microsoft, chithunzi cha mabokosi ndi mivi chimene amupatsa sichikwana n'komwe pa sikirini, amene anachipanga anasiya ntchito, ndipo iye akuopa kukhudza kalikonse.

Ndiyambe ndi inu, bambo. Mtima ukhale m'malo, ndalama ya nandoloyo sikulowa m'madzi. Chimene mwaonacho si chojambula chongokongoletsa. Mabokosi ndi miviyo ndiyo pulogalamu yeniyeniyo imene kompyuta imatsata usiku anthu atagona. Mwana wanu akachotsa muvi pa bokosi lina n'kuulumikiza pa lina, manambala amene abwana a kampaniyo awerenge m'mawa asintha.

Tiyerekeze kampani yogula nsomba imene ili ndi madepoti ku Monkey Bay, ku Makawa, ku Malindi ndi ku Makanjira. Kalaliki wa ku Malindi amalemba mu Excel. Wa ku Monkey Bay ali ndi makina a risiti. Asodzi ena amalipidwa pa Airtel Money, ena pa Mpamba, ena ndalama pamanja. Ndiye abwana afunse kuti, "Usipa tagula wochuluka bwanji m'miyezi itatu yapitayi poyerekeza ndi chaka chatha, ndipo depoti iti ikutidyera ndalama?" Yankho lake lamwazikana m'malo asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo malo aliwonse amalemba mwa njira yawo. Nkhokwe imodzi imene amasonkhanitsiramo zonsezi, zitakonzedwa kuti zifanane, ndiyo data warehouse. Maganizo a kamangidwe kake anawafalitsa kwambiri akatswiri awiri a ku America, Bill Inmon ndi Ralph Kimball, m'zaka za m'ma 1990, ndipo mpaka lero anthu a ntchitoyi amatsutsanabe kuti njira yabwino ndi ya ndani. Ntchito yotenga deta kumene ili, kuikonza, n'kuithira m'nkhokwemo amaitcha ETL. Bokosi lililonse pa sikirini ya mwana wanu ndi sitepe imodzi ya ntchito imeneyi, ndipo muvi ukusonyeza kumene deta ikulowera ikachoka pamenepo.

Sikuti n'za makampani okha. Malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera m'zipatala zazing'ono za m'boma lathu lino la Mangochi amalowa mu DHIS2, pulogalamu yopangidwa ku University of Oslo imene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito. Kalembera wa 2018, amene National Statistical Office ya ku Zomba inayendetsa, anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni ku Mangochi kokha. Manambala oterewa sadzisonkhanitsa okha. Pamakhala munthu woonetsetsa kuti zimene zinalembedwa ku Katuli zafika pa tebulo la akuluakulu osaduka mwendo panjira.

Tsopano iwe, mwanangu. Mantha akowo ndi abwino, usawataye onse. Amene amaononga zinthu pa ntchitoyi ndi aja ofulumira kudina.

Choyamba zindikira kuti mu SSIS zithunzi zilipo ziwiri zosanjikizana, ndipo mivi yake sinena chinthu chimodzi. Pa chithunzi choyamba, chotchedwa Control Flow, muvi ukunena dongosolo la ntchito: wobiriwira ukuti "ichi chikatheka, pita apa", wofiira ukuti "ichi chikalephereka, pita apa". Ukadina kawiri pa bokosi lotchedwa Data Flow Task umalowa m'chithunzi chachiwiri, mmene mivi imanyamula deta yeniyeniyo mzere ndi mzere. M'menemo wabuluu wanyamula mizere yabwino, wofiira wanyamula imene yakanika. Ophunzira ambiri amasokonezeka chifukwa amawerenga muvi wofiira wa m'kati ngati wa kunja uja. Mapulogalamu enanso ali ndi magawo awiri omwewa, mayina okha ndiwo amasiyana: Pentaho ili ndi job ndi transformation, Apache Hop ili ndi workflow ndi pipeline.

Chithunzi chikakhala chachikulu, chichepetse kaye mpaka chonse chioneke, ngakhale zilembo zisawerengeke. Pamenepo ukungofuna maonekedwe ake: deta ikulowera pangati, ikutulukira pangati, nthambi zikugawikana pati, zikukumana pati. Kenako chita chimene ambiri sachiganizira, yambira kumapeto. Pita pa bokosi lomaliza, limene likuthira deta m'tebulo, sankha kolamu imodzi yokha, tinene ya makilogalamu a nsomba, n'kuitsata chobwerera m'mbuyo bokosi ndi bokosi mpaka ukafike kumene inachokera. Lemba papepala ndi cholembera paliponse pamene yasinthidwa dzina, yachulukitsidwa kapena yaphatikizidwa ndi ina. Ukayambira kumayambiriro, nthambi iliyonse imakukopa ndipo umasochera. Ukayambira kumapeto, njira imakhala yochepa. Ukatsata makolamu atatu kapena anayi motere, chithunzi chija chimayamba kulankhula.

Chachikulu pa zonse, ndipo pano ndichedwapo, ndi kuwerenga mizere. Ukayendetsa Data Flow pa kompyuta yako, pa muvi uliwonse pamaoneka nambala ya mizere imene yadutsapo. Tinene pamwamba palowa mizere 1,000 koma pansi patuluka 940. Mabokosi onse aonetsa chizindikiro chobiriwira, palibe chalira, komatu mizere 60 yasowa. Ntchito yako ili pamenepo. Uli ngati pulambala amene waona kuti madzi akufika ochepa pa mpopi: amatsata paipi mfundo ndi mfundo mpaka apeze podontha.

Malo odonthera amadziwika. Bokosi la Lookup limatenga dzina la depoti n'kukalifunafuna m'tebulo la madepoti. Kalaliki wina walemba "Monkey Bay", wina "M/Bay", wina "MONKEY BAY". Lookup ya SSIS ikakhala pa full cache, mmene imakhalira ukangoiika, imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, choncho mayina atatuwa kwa iyo ndi malo atatu osiyana. Ngati amene anapanga chithunzicho anauza bokosilo kuti mizere yosapezeka izipatutsidwa, koma sanalumikize muvi wotengera mizereyo kwina, imangotayika mwakachetechete. Merge Join, yophatikiza mizere yochokera mbali ziwiri, nayonso ikakhala pa inner join imasiya mzere uliwonse umene ulibe mnzake mbali inayo, ndipo imafuna kuti mbali zonse ziwiri zibwere zitasanjidwa kale. Pali ndi nkhani ya madeti: 03/04 kwa ife ndi 3 April, koma kompyuta yotcheredwa mwa chi America iwerenga 4 March, ndipo nsomba za mwezi wina zikagwera mwezi wina popanda chodandaula. Ukakayikira muvi uliwonse, dina kumanja pa muviwo n'kuyatsa Data Viewer. Deta imaima pamenepo, n'kuiona ndi maso ako isanapitirire.

Vuto lina ndi lotembenuza: palowa 1,000, patuluka 1,200. Pamenepo join yapeza anzake awiri pa mzere umodzi, mwina chifukwa msodzi mmodzi analembedwa kawiri m'kaundula. Limeneli ndi loopsa kuposa loyamba lija, chifukwa abwana akaona manambala okwera sakonda kufunsa.

Za kusintha chithunzi, malamulo ake ndi ochepa. Usanakhudze kanthu yang'ana ma connection manager (zolumikizira ku malo amene deta ikuchokera ndi kumene ikupita) m'munsimo, uone kuti akuloza seva iti. Ngati ndi seva yeniyeni ya kampani, imirira, pita kwa amene akukuyang'anira ukapemphe yoyeserera. Kuyendetsa package (fayilo yonse ya chithunzicho) kawiri pa seva yeniyeni kutha kuthira deta ya tsiku limodzi kawiri. Sunga kope lakale, makamaka mu Git (pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za mafayilo) ngati kampaniyo ili nayo. Kenako sintha chinthu chimodzi, yendetsa, yerekeza manambala a pa mivi ndi a poyamba aja, ndiye usinthe china.

Ukafuna kulowetsa bokosi latsopano pakati pa awiri, uyenera kuchotsa muvi wowalumikiza, ndipo mabokosi a m'munsi ayamba kuonetsa mitanda yofiira. Usadzidzimuke, angotaya kumene amatenga makolamu awo. Lumikiza bokosi latsopanolo, ndipo ngati mtanda watsalira pa muvi, tsegula Resolve References ukonze makolamu amene asokonekera. Undo ilipo kuyambira mu SSIS ya 2012 (amene anayamba ndi ya 2005 ankagwira ntchito popanda iyo, ndipo ukawafunsa adzakusimbira mavuto ake), koma usaidalire ngati kope losunga.

Mayina nawonso ndi ntchito. Bokosi lotchedwa "Derived Column 3" silikuuza munthu kanthu. Litche zimene likuchita, monga "Sandutsa mabigili kukhala makilogalamu", ndipo pambali pake ika annotation (kalemba kofotokozera) yonena chifukwa chake. Zimene bokosi likuchita aliyense atha kuzipeza politsegula, koma chifukwa chimene analiikira chimachoka ndi mwini wake, monga waonera wekha. Mabokosi a ntchito imodzi uwamange gulu limodzi kuti uzitha kuwapinda. Pali batani la Auto Layout loyala chithunzi chonse lokha. Ine sindilikonda pa chithunzi cha wina, chifukwa nthawi zambiri mwini wake anayala mabokosiwo mwa tanthauzo, ndipo batanilo limafafaniza zonse. Dziwanso kuti fayilo ya .dtsx, yomwe ndi package ija, imasunga malo a bokosi lililonse, choncho ukangosuntha mabokosi Git imaona ngati wasintha fayiloyo. Kuyala chithunzi ukuchite pa commit yake (ulendo umodzi wosungira zosintha mu Git), kusintha kayendedwe ka deta pa commit ina, kuti woona ntchito yako asavutike kusiyanitsa.

Chenjezo limodzi kwa nonse awiri. Kuonetsa bambo mabokosi palibe vuto, koma Data Viewer ikatseguka pamaoneka mayina a anthu, manambala a foni, mwina ndi a ziphaso zaunzika. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza deta ya anthu, Data Protection Act ya 2024. Zimenezo si zojambula n'kutumiza pa gulu la WhatsApp la kalasi pofunsa thandizo.

Nanga tsogolo lake? Bambo, ndisakunamizeni kuti mudzaona nyuzipepala itadzaza malonda a ntchito ya "ETL developer". Kuno kwathu luso limeneli limabisala m'maudindo ena: data analyst, database administrator, MIS officer, M&E officer (wotsata ndi kuunika ntchito za mapulojekiti). Olemba ntchito ake ndi mabanki, makampani a foni, a inshuwalansi, nthambi za boma zotolera msonkho ndi ziwerengero, komanso mabungwe a zaumoyo ndi a chitukuko. Zambiri zili ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ku Mangochi kuno zimene zimapezeka kawirikawiri ndi za ukalaliki wa deta ndi za M&E m'mapulojekiti, ndipo amene amadziwa kupeza podonthera mizere sakhalitsa pa ukalaliki.

Koma iwe mwanangu usakwatiwe ndi pulogalamu imodzi. Talend Open Studio inali yaulere ndipo ambiri anaphunzirirapo ETL, koma kampani ya Qlik itagula Talend mu 2023, inaitseka mu January 2024. Amene ankangodziwa pamene pali mabatani anayambiranso. Amene ankadziwa chimene join ikuchita anangosamuka. N'chifukwa chake ndimati SQL, chilankhulo chofunsira ndi kukonzera deta m'matebulo a database, ikhale patsogolo: bokosi lililonse limene watsegula, yesa kulemba zimene likuchita mu SQL. Ukalephera, ndiye kuti bokosilo sunalimvetse. Makampani ambiri masiku ano akulembanso ntchito zoterezi mu SQL ndi Python popanda chithunzi n'komwe, ndipo kumeneko kuwerenga mizere kuja kumagwirabe ntchito chimodzimodzi.

Zoyeserera pa holide zilipo zosalira ndalama. PostgreSQL, Apache Hop ndi KNIME Analytics Platform n'zaulere, ndipo ukazitsitsa kamodzi zimagwira popanda intaneti. Zitsitse pa wifi ya kusukulu usanabwere, chifukwa pa bandulo ya foni zidzakumaliza. KNIME ndi yofewa kwa woyamba: bokosi lililonse lili ndi timagetsi tofiira, tachikasu ndi tobiriwira tosonyeza ngati lakonzeka kapena layenda kale. Ngakhale Excel, kuyambira ya 2016, ili ndi Power Query m'kati mwake. Tenga kope la bambo la malonda a nandolo, ulilembe m'mafayilo awiri mwa njira zosiyana dala, kenako upange chithunzi chowaphatikiza mpaka chiwerengero chigwirizane ndi cha m'kopemo. Kantchito kotere, utakafotokoza bwino pa intavyu, kamalemera kuposa satifiketi ya kosi ya masiku atatu.

Kwa azing'ono ake amene ali Fomu 3 ndi Fomu 4 ndipo njirayi yawakopa: khomo ndi masamu. Mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi imodzi pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro a makompyuta amafuna masamu abwino. Amapezeka ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo ndi ku Mzuzu University, ndipo mafomu a chisankho amadzera ku National Council for Higher Education (NCHE). Mukasankha sukulu yoyima payokha, ya kuno kunyanja kapena ya mumzinda, funsani zinthu ziwiri musanalipire tambala: ngati pulogalamu yeniyeniyo, osati sukulu yokha, ili yovomerezedwa ndi NCHE, komanso ngati maphunziro a database ndi SQL amaphunzitsidwa pa kompyuta mu labu kapena pa bolodi pokha.