Kwa achemwali a ku Kasungu: achimwene anu akubwera, koma sakuchokera ku Joni

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati achimwene anu ndi abusa, akutumikira ngati amishonale ku Kenya pamodzi ndi alamu anu ndi ana awiri, papita zaka zinayi asadapondeko kumudzi, ndipo akufika kumapeto kwa Novembala kwa masabata atatu okha. Mukufunsa kuti muwalandire bwanji poti abale ayamba kale kukuimbirani foni, ndipo ena akunyinyirika kuti nanga osadikira tidyere limodzi Khirisimasi bwanji. Ine ndine wa ku Mchinji, cha kwa Kamwendo. Mng'ono wanga ndi wansembe, ali ku Ethiopia. Tamulandira katatu, ndipo ulendo woyamba tidaudonyoza tokha ndi manja athu, ndiye ndili nazo zoti ndikuuzeni.

Za Khirisimasizo musavutike nazo mtima. Kwa m'busa nyengo imeneyi ili ngati Disembala kwa mlimi wa fodya: ndi pomwe ntchito yafika pakhosi. Ubatizo, mgonero, maukwati, mapemphero olowera chaka, zonse zimaunjikana sabata ziwiri zomwezo, ndipo nkhosa zake zili ku Kenya, osati kwa Santhe kapena kwa Chulu. Onjezanipo kuti matikiti a ndege amakwera mtengo Khirisimasi ikamayandikira, iwo akugula anayi. Wathuyu yekha adachitako mwayi chaka china, chifukwa ku Ethiopia Khirisimasi amakondwerera pa 7 Januwale, ndiye adadya nafe mpunga wa pa 25 Disembala nkuthamangira ya kumeneko. Achimwene anu mwayi umenewo alibe. Ofunsawo auzeni zimenezi, ndipo ngati akufunitsitsa nkhuku ndi mpunga, phikani pa 10 Disembala, nkhukuyo sidziwa deti.

Nkhani yeniyeni ndi ya mafoni akukuimbiraniwo.

Kwathu kuno mawu akuti mishonale tidawaphunzira poona azungu. A Murray ndi a Vlok adafika ku Mvera mu 1889. Kwanu ku Kasungu mishoni adaitsegula ndi Dr George Prentice wa ku Livingstonia, kenako idaperekedwa m'manja mwa a ku Nkhoma m'zaka za m'ma 1920. Kwathu ku Mchinji ansembe a White Fathers adakhazikika ku Kachebere mu 1903. Anthu amenewa kulikonse kumene adakhala kudamera sukulu, chipatala, nyumba za njerwa zootcha, ndipo agogo athu adatisiyira maganizo akuti mishonale ndi munthu wokhala ndi thumba losatha. Pamwamba pa izo pali chithunzi china, cha amalume obwera kuchokera ku migodi, ku Wenela ndi ku Theba, njinga yatsopano, wailesi, sutukesi yachitsulo yodzaza mabulangete. Lero ndi a ku Joni, amabwera ndi ngolo kumbuyo kwa basi. Ndiye mwana wa pamudzi akakhala mishonale, kunja kwa dziko, wokweranso ndege, m'mitu mwathu timaphatikiza zithunzi ziwirizi nkuyamba kuwerengera.

Chonsecho munthuyo salandira malipiro a kampani. Amakhalira kangachepe kamene mpingo kapena bungwe lomutuma limampatsa, ndipo ndalama zikamadutsa m'manja mwake zimakhala za ntchito, zoti akafotokoze mpaka tambala yomaliza. Tikiti yomwe mwina amulipirira ena.

Ulendo woyamba ife sitidauze aliyense zimenezi. Mng'ono wanga adafika madzulo, m'mawa mwake pakhonde padali anthu khumi ndi awiri, ena tidawaona komaliza pa chinkhoswe cha mlongo wathu. Adatsegula chikwama pamkeka: makolona, timabuku ta mapemphero, khofi wa ku Ethiopia mapaketi angapo, mipango yoyera ya thonje ya amayi ndi azakhali. Azakhali adautembenuza mpangowo uku ndi uku, nkuupinda bwinobwino, nkufunsa motsitsa mawu kuti, "Abambo, nanga chikwama chinacho chatsalira ku Lumbadzi?" Kudalibe chikwama china. Tsiku lachitatu asuweni athu adabwera ndi pepala lochotsa pakati pa kope, atalembapo matumba a fetereza, fizi ya ana awiri a ku sekondale, ndi malata asanu ndi atatu. Mng'ono wangayo adapereka ndalama yonse yomwe adasungira ulendo, nkubwereka kwa ine ya thiransipoti yobwererera ku bwalo la ndege. Komabe atapita, mbiri idamveka pamudzi yakuti Abambo aja ndi aumbombo, kunja kudawasintha.

Olakwa sadali azakhali. Nthawi imeneyo ndi ya mavuto enieni: chimanga chikutha m'nkhokwe, fetereza wobereketsa akufunika, fizi ya teremu yachiwiri ili pakhomo, ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 palibe chomwe chidabwerera pamtengo wake wakale. Munthu waona m'bale wake watsika ndege, angaleke bwanji kupempha? Olakwa tidali ife a m'nyumba, amene tinkadziwa mmene thumba lake lidaliri koma tidakhala chete, mwinanso tinkakondwera kuti pamudzi atione ngati banja la anthu a kunja.

Ndiye inu chitani zomwe ife tidachita ulendo wachiwiri. Kudakali sabata ziwiri, khalani pansi ndi amalume, eni mbumba, muwauze zoona zake kuti mwana wanu akubwera kudzaona anthu, m'manja alibe. Mawu amenewa akatuluka pakamwa pa amalume amalemera kusiyana ndi pakamwa panu. Kenako funsani achimwene anu mwamseri kuti angathe zingati zothandizira pamudzi, ndalamayo aipereke kumodzi, banja ligwirizane kuti ipite pati. Ife tidasankha fetereza wa munda wa amayi ndi fizi ya mwana mmodzi wamasiye, basi. Wina aliyense wobwera ndi pepala ankauzidwa kuti nkhani za ndalama zili kwa amalume. Ena adakwiya ndithu, koma adakwiyira amalume, amene adazolowera kale.

Tsopano za kayendedwe. Musayambe ndi phwando, musayambenso ndi tchalitchi. Yambani ndi maliro. Pa zaka zinayi pamwalira anthu angati pamudzi panu ndi kwa alamu anu? Khalani pansi mulembe, chifukwa iwo ena adangomva pa WhatsApp, ena sadamve nkomwe. Munthu amene wakhalitsa kunja akafika nkuyamba kuseka ndi anzake pa Kasungu boma asadakapepese, anthu sanena kanthu pamaso pake, koma dzina la mtchona limamumatirira, kolala ya ubusa siyimuteteza. Kupepesa sikufuna zambiri. Paketi ya shuga, sopo, kukhala pansi, kupemphera nawo. Ndimakumbukira titapita kwa mayi wina wamasiye, mwamuna wake adali mnzake wa mng'ono wanga kuyambira ku pulayimale, ankawedzera limodzi mu Bua. Mayiyo adatiyalira mphasa pansi pa mango, sadalire, adangolowa m'nyumba nkutulutsa kalata yomwe wansembeyo adalembera malemuwo ali ku seminale, yopindapinda, inki itafufuma. Tidakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pobwerera mnyamatayo sadayankhule njira yonse. Pa ulendo wonse uja chimene amachitchulabe mpaka lero ndi tsiku limenelo.

Akafuna kukaona manda a abambo kapena agogo, mukudziwa nokha kuti kwathu kwa Achewa kumanda salowako chilowelowe. Dzerani kwa amfumu, akupatseni munthu wokuperekezani. Ubusa wawo usawapangitse kuiwala zimenezi, ndipo kwa amfumuko apiteko tsiku loyamba kapena lachiwiri, ngakhale kungokalonjera.

Chachiwiri, masiku agawidwe ndi kwawo kwa alamu anu. Izi mabanja ambiri timazilakwitsa, timangoti achimwene abwera, kuiwala kuti mayi uja nayenso ali ndi amake amene sadamuone zaka zinayi zomwezo, ndiponso pa mwambo wathu anawo ndi mbumba ya kumeneko. Inuyo monga mlamu ndinu woyenera kuiyambitsa nkhaniyi, iye angachite manyazi. Sabata yathunthu apite kwawo, osati kungokagonako usiku umodzi ngati odutsa.

Za mpingo, konzekani. Akangomveka kuti afika, abusa a pamalopo, amvano, achinyamata, makwaya, mipingo yoyandikana, onse adzafuna kuti akalalikire, akatsegulire msonkhano, akakhale mlendo wolemekezeka pa pepa sande, poganiza kuti envelopu yawo ikhala yonenepa. Masabata atatu ali ndi masiku atatu okha a Lamulungu. Avomere limodzi pa mpingo umene udawalera, afotokoze za ntchito yawo, athokoze amene amawapempherera. Ngati pali ofesi ya mpingo imene idawatuma, tsiku limodzi akaonekereko. Zina zonse kanani inuyo m'malo mwawo, chifukwa m'busa kukana guwa kumamuvuta. Ife ulendo woyamba uja tidavomera chilichonse, Misa kuno, Misa uko, maukwati awiri, kudalitsa nyumba, kudalitsa ngolo. Atanyamuka amayi adangoti, "Mwana wanga ndamuonera pa guwa ngati wina aliyense." Mawu amenewo adandilasa kuposa mbiri ya umbombo ija.

Anzawo akale asawayendere mmodzimmodzi, nthawi sikwana. Sankhani Loweruka limodzi masana, aitaneni onse pamodzi, thobwa ndi mbuzi ngati ilipo. Amene ali ku Lilongwe akumane nawo tsiku lofika kapena lonyamuka.

Ana aja muwasamale. Atakhala zaka zinayi ku Kenya adzabwera ndi Chiswahili ndi Chingerezi, Chichewa chawo chopotoka, nsima adzaitcha ugali, mwina kugwada popereka moni adaiwala. Uzani asuweni awo asawaseke, mwana akasekedwa kamodzi amatseka pakamwa mpaka tsiku lonyamuka. Koma choopsa kwenikweni ndi malungo. Ngati akukhala ku Nairobi kapena madera ena okwera kumene malungo ndi ochepa, thupi limaiwala kulimbana nawo, ndipo akufika mvula itayamba, udzudzu uli ponseponse. Mng'ono wanga adakana neti, amvekere ine ndine mwana wa pano, udzudzu wa kwa Kamwendo umandidziwa. Umamudziwadi, chifukwa sabata yachiwiri adagona chigonere, kunjenjemera masana dzuwa likuswa mtengo, mpaka tidathamangira naye kuchipatala pa kabaza. Gulanitu maneti, aliyense wake. Asadanyamuke ku Kenya akaonane ndi dokotala za mankhwala oteteza, makamaka a ana. Ndipo wina akatentha thupi, kaya kuno kaya atabwerera kale, akayezetse tsiku lomwelo nkunena kuti adali ku Malawi, chifukwa malungo amatha kuonekera patapita sabata kapena kuposerapo chilumidwire. Madzi akumwa a ana muziwiritsa.

Zing'onozing'ono ndingozitchula. Chikalata chachikasu cha katemera wa yellow fever asachiiwale, pochokera ku Kenya amachifunsa. Aone ngati ziphaso zawo za unzika zikadali ndi moyo, poti kulembetsa nambala ya foni ndi kutsegula Airtel Money kapena Mpamba zimafuna chimenecho. Ndalama asinthe ku banki kapena kumalo ovomerezeka, m'busa kugwidwa ndi za pamsewu nzochititsa manyazi. Galimoto yokawatenga ku Lumbadzi muithire mafuta kudakali masiku, mukudziwa mmene amasowera nthawi zina, ndipo tsiku lobwerera akagone ku Lilongwe, asadalire kudzuka m'bandakucha pamudzi mvula itagwa usiku wonse, msewu wafumbi utasanduka phala.

Zowapatsa ponyamuka musachulutse, chikwama cha m'ndege chili ndi sikelo yake. Mtedza wa kwanu ku Kasungu wosenda kale, kaufa koyera pang'ono, mfutso, botolo la Nali lokulungidwa bwino, zakwana. Ife tidampatsapo nkhuku yamoyo yochokera kwa azakhali omwe aja, idathera mumphika wa dalaivala.

Chomaliza, masiku awiri otsiriza musalole mlendo aliyense, ngakhale atabwera ndi Baibulo m'khwapa. Akhale a amayi. Ulendo wachitatu ife tidatero: ndidakhala pampando panjira yolowera pakhomo ngati mlonda, aliyense wobwera ndinkamuuza kuti Abambo atuluka, Mulungu andikhululukire. Chonsecho adali kuseri kwa nyumba, atavala kabudula wanga wakale, akusenda mtedza m'lichero limodzi ndi amayi, iwo akumukalipira kuti waonda, kumeneko amadya chiyani, nanga tsitsi layamba liti kuyera osandiuza. Madzulo adamuphikira nkhwani wotendera ndi nsima ya mgaiwa, adadya mitanda inayi, nkugona pamphasa pomwepo mbale zisadachotsedwe.