Achemwali musasiye kudzuka, ine zinandionekera ku Chinamwali

Achemwali, pamene mwalemba kuti mwatha miyezi 6 mukudzuka 4 koloko kupemphera koma ntchito sikuoneka, mtima wanga wagunda. Ndaona ena akukuuzani kuti muli ndi tchimo lobisika, ena akuti kwanu kuli anakumangani. Musawamvere amenewo. Imvani zanga.

Ine kudzuka m'bandakucha ndinayamba mu 2018, chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa. Ndinkaoda matemba ku Kachulu n'kumagulitsa mumsika waukulu wa Zomba, ndiye madzi atathawa bizinesi inathawira limodzi. Ndinkagwada pamkeka tambala asanalire, ana ali m'tulo, n'kutsegula Salimo 5 ndime 3 pamene Davide akunena kuti m'mawa amayala pempho lake pamaso pa Yehova kenako n'kudikira. Kuyala pempho ndinkakudziwa bwino. Ndikangoti ameni, ndinali nditayima kale kukasonkha moto pambaula. Kudikira kuti ndimve chimene Mwini wake akunena, ayi, kumeneko kunalibe.

Mu Okutobala 2023 mayi wina amene tinkapemphera naye limodzi, munthu woti Loweruka tinkakwera naye kuphiri kukasala kudya, anandiuza kuti ali ndi munthu ku Limbe wogulitsa mabelo a kaunjika motchipa. Akuti ndipeze K400,000 iye akandiodera. Ndinakatenga ngongole ku banki mkhonde, chiwongoladzanja 20 peresenti pa mwezi mwa malamulo a gulu lathu. Achemwali, masiku atatu otsatizana ndikagwada m'mawa mtima unkalemera ngati ndameza mwala. Mtendere unalibe. Bambo a kunyumba anandiuza kuti Limbe si kutali, ndingokwera minibasi ndikadzionere ndekha belo. Ine manyazi. Ndinkati aona ngati ndikumukayikira, munthu wa Mulungu. Ndinamasula ndalama pansonga ya chitenje, n'kumuwerengera m'manja pasiteji ya Chinamwali, popanda mboni, popanda kapepala.

Sabata yoyamba akuti katundu sanafike. Yachiwiri akuti mwini wake wapita kumaliro. Kenako mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti, zinthu zonse mumsika n'kukwera tsiku limodzi, iye n'kupezerapo poyambira. Akuti belo lakwera, ndiwonjezere. Ndinalibe. Kuyambira pamenepo foni yake inangoti zii.

Mukudziwa nonse kuti Disembala ndi mwezi wophwanya banki, aliyense akufuna zake agule feteleza ndi za Khirisimasi. Anabwera Lachinayi, kusanayere bwino, mvula ikuwaza. Ndinali chogwada, Baibulo lili pamkeka. Ndinangomva odi, mawu a msungichuma. Azimayi asanu ndi mnyamata wa wilibala. Sindinathe n'kuyankhula komwe, milomo inauma. Anayamba ndi matiresi, bulangete lidakali lofunda thupi la mwana wanga wamng'ono amene anamudzutsa kuti achokepo. Anatenga mapoto, wailesi, mipando iwiri yapulasitiki. Pomaliza anafika pa makina osokera amene anandisiyira malemu mayi anga. Ndinawagwira miyendo makinawo, ndikulira kuti tengani zonse koma awa okha ayi. Anachita kundimasula zala chimodzichimodzi. Mayi wina anatola Baibulo langa mwaulemu, n'kuliika pawindo kuti lisapondedwe, ndipo mpaka lero ndikakumbukira dzanja limenelo misozi imabwera. Mwana wanga wamkulu, wa sitandade 6, anangoima pakhomo atakumbatira yunifolomu yake ngati nayonso aitenga. Anthu a m'nyumba zoyandikana atuluka, ena mswachi uli kukamwa. Ndinamva ndi makutu angawa wina akuti, si uja amatisokosera ndi mapemphero m'mawa uliwonse, Mulungu wakeyo ali kuti lero?

Ndiye mayi uja! Anatulukira mu Januwale atavala chitenje chatsopano, tsitsi lomanga bwino, akutsogolera makolasi kutsogolo ngati palibe chinachitika. Nditamupeza panja anandigwira paphewa n'kunena kuti chemwali, za dziko lapansi n'zakutha, tiyeni tiziyang'ana kumwamba. Ndalama zanga! Makina a mayi anga! Munthu wodziwa kuti ana anga akugona pa thumba la feteleza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu otere ndi amene akuchititsa kuti dzina la Ambuye linyozedwe m'makomomu, ndipo sanapepese ngakhale kamodzi, ngakhale K1,000 sanabweze.

Ndinasiya kupemphera miyezi itatu, sindikubisirani. Thupi linali litazolowera, 4 koloko maso ankatseguka okha, ine n'kumangoyang'ana malata. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'choti sindikanatha kumuimba mlandu Mulungu. Anandichenjeza katatu, anayankhulanso kudzera mwa bambo a kunyumba. Ine ndi amene ndinaopa nkhope ya munthu.

Chinandibweza ndi nkhani ya mana pa Eksodo 16. Aisraeli ankatola m'mawa uliwonse zokwanira tsiku lomwelo, ndipo amene anasunga zofika mawa anapeza zili mphutsi, zikununkha. Dzuwa likatentha, otsala pansi ankasungunuka, kutanthauza kuti wochedwa kudzuka sankapeza kanthu. Ndinayambiranso kugwada, koma pempho linafupika. Ambuye, ufa wa lero, ndipo mundiuze chochita lero. Ndikatero ndinkakhala chete pamkekapo. Chinthu choyamba chimene chinabwera mumtima sindinachikonde ngakhale pang'ono: ndikapepese kwa msungichuma, chifukwa tsiku lija ndinamutukwana mawu oipa pamaso pa anthu, pamene iye ankangotsata malamulo amene tonse tinagwirizana. Ndinalimbana nazo sabata yathunthu. Nditapita ndinamupeza akutsuka mbale, ndinagwada pomwepo pamatope. Makina anali asanagulitsidwe, anali pakona kwake ataphimbidwa ndi chitenje. Anakalankhula ndi gulu, anandibwezera kuti ndizisoka n'kumapereka pang'onopang'ono. Ngongole ndinamaliza patatha chaka ndi miyezi inayi, ndi ndalama za mayunifolomu ndi zigamba pakhonde. Matiresi aja sanabwerere.

Ndiye achemwali musasiye. Ambuye Yesu mwini wake ankadzuka kukadali mdima kupita kwayekha kukapemphera, onani Marko 1 ndime 35. Mukati ameni musathamangire kuima, khalani kaye, ndipo chimene chabwera mumtima chogwirizana ndi Mawu chichiteni tsiku lomwelo, kaya n'chochepa bwanji. Kaya ndi kukasiya kalata pamalo pamene munakanidwa kale, pitani. Ngati pali amene munasungira mangawa, mukhululukireni, chifukwa Mateyu 6 ikunena poyera kuti osakhululukira anzake nayenso sakhululukidwa. Ine mayi uja ndimamutchula m'pemphero, koma ndikamuona akubwera cha ku Mpondabwino ndimawoloka msewu, moni wake sindinafike poti n'kumulandira. Ndipo poti mukufuna ntchito, samalani. Abwera ena ndi Baibulo kukhwapa kuti perekani kangachepe tikulowetseni penapake. Musapereke. Pa ndalama musakhulupirire munthu aliyense, ngakhale amene mumasala naye kudya, lemberanani pamaso pa mboni.

Mawa 4 koloko ndikagwada ndikutchulani. Ngati muli konkuno ku Zomba, kaya ku Matawale kaya ku Sadzi, ndilembereni kumbali. Mayunifolomu andichulukira mwezi uno, ndikufuna wondithandiza kusita ndi kusokerera mabatani.