Kodi mphoto za AMVCA n'za anthu a ku Nigeria okha?

Achimwene, mwafunsa ngati mphoto za mafilimu za AMVCA (Africa Magic Viewers' Choice Awards) zili za anthu a ku Nigeria okha, poti chaka chilichonse mukayatsa kanema mumangoona iwowo akusinthana pa nsanja. Funso lanuli landifika pamtima, chifukwa nanenso ndinkaganiza chomwecho mpaka mu 2016.

Chaka chimenecho Joyce Mhango Chavula anapambana ndi filimu yake ya Lilongwe, m'gulu la filimu yoposa zonse kum'mwera kwa Africa. Ine ndinaonera kwa alamu anga ku Ndirande, poti ndiwo anali ndi DStv. Tinadzazana pabalaza, ana pamkeka, akuluakulu pamipando, ena ataima pakhomo. Dzina litatchulidwa, alamu anga anaimba nthungululu mpaka oyandikana nawo anabwera kudzafunsa ngati kwagwa ukwati, ndipo ndiwo zinapserera pa mbaula palibe anazikumbukira. Mu 2018 Shemu Joyah anabweretsanso mphoto yomweyo ndi The Road to Sunrise. Ndiye ayi, khomo silinatsekedwe kwa ife.

Komabe zimene mwaonazo n'zoona, ndipo zili ndi chifukwa chake. Mwambowu unayamba mu 2013, amaukonza ndi a MultiChoice kudzera m'matchanelo a Africa Magic, ndipo umachitikira ku Lagos. Mphoto zake zili pawiri. Zina amasankha ndi oweruza, akatswiri odziwa za mafilimu, pamene zina amavotera ndi oonera pa foni ndi pa intaneti. Apa mpomwe pagona nkhani. Dziko la Nigeria lili ndi anthu oposa 200 miliyoni, ife tangopitirira pang'ono 20 miliyoni. Wosewera wa ku Lagos akangolemba pa Instagram kuti ndivotereni, omutsatira ake okha angaphimbe mavoti onse a ku Malawi kuno. Palibe wabera, n'kuchuluka basi. Onjezeraninso kuti Nollywood, kutanthauza opanga mafilimu a ku Nigeria, imatulutsa mafilimu ambirimbiri pachaka, ndiye ngakhale pamndandanda wa osankhidwa amayamba kale ali ochuluka.

N'chifukwa chake ndinasangalala mu 2024 pamene anasintha malamulo, mphoto za wosewera wamkulu wamwamuna ndi wamkazi n'kuzichotsa m'manja mwa ovota, kuzipereka kwa oweruza. Ena anadandaula kuti nanga dzina loti Viewers' Choice, "kusankha kwa oonera", likutanthauzanjinso. Ine ndikuti anachita bwino. Munthu wosewera mpaka iwe woonera misozi n'kulengeza asamagonje kwa mnzake chifukwa choti mnzakeyo ndi wotchuka pa intaneti. Chaka chomwecho gulu la mafilimu a zilankhulo zathu analigawa m'zigawo, kumadzulo, kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kusiyana ndi kale pomwe ankatchula Chiyoruba, Chihausa, Chiigbo ndi Chiswahili. Filimu ya Chichewa ili ndi pokhala tsopano.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ife timathera mphamvu pa kudandaula za mavoti, kuiwala kuti oweruza amamvetsera ndi khutu la katswiri. Ndinathandizapo anyamata ena kujambula sewero m'nyumba ya malata masana dzuwa lili pamutu. Nkhani inali yokoma, osewera aluso ndithu. Titakhala pansi kuti tionere, tinamva chigayo cha kuseri, tambala, ndi malata akuthetheka, mawu a mtsikana wolira uja osamveka n'komwe. Tinali titabwereka kamera yodula koma maikolofoni tinangodalira ya pa kamera pomwepo. Filimu yotero ngakhale mutaitumiza, woweruza safika nayo pakati. Mawu, kuwala, kadulidwe ka zithunzi, ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi mopanda zolakwika, izi ndi zimene zimatigwetsa kawirikawiri, osati nkhani zathu. Nkhani tili nazo zambiri zedi.

Ngati muli ndi mng'ono wanu wojambula, muuzeni kuti mafilimu salowa okha mumpikisanowu. Okonza amalengeza nthawi yolandira mafilimu miyezi ingapo mwambo usanachitike, ndipo mwini filimu amatumiza yekha pa webusaiti ya Africa Magic. Aziyang'ana kumeneko, awerenge malamulo a chaka chimenecho bwinobwino poti amasinthasintha, ndipo asanabwereke kamera ina ayambe wapeza munthu wodziwa kujambula mawu.