Mafunso Anu: Kubetcha pa Durban July

FUNSO: Akulu, ine ndimadula nzimbe ku Nchalo. Kubetcha mpira ndimadziwa, koma alamu anga a ku Joni andikopa ndi mpikisano wa mahatchi wa Durban July. Pafoni ndikuona win, place ndi each way. Zimasiyana bwanji, nanga hatchi ndisankhe bwanji?

YANKHO: Achimwene, mpikisanowu unayamba mu 1897 ndipo umachitika Loweruka loyamba la July pa bwalo la Greyville ku Durban, mtunda wa mamita 2,200. Nthawi ya kumeneko ndi yofanana ndi yathu.

Win ndi kunena kuti hatchi yanu ikhala yoyamba, basi. Place ndi kunena kuti ikhala m'gulu la zotsogola. Makampani ena amawerenga zitatu, ena zinayi, ndiye werengani malamulo awo musanalipire. Each way ndi mabetcha awiriwa pamodzi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka: mukalemba K2,000 each way, m'foni muchoka K4,000.

Tiyerekeze kuti ma odds ndi 10/1 (phindu la K10 pa K1 iliyonse yomwe mwaika), omwe mafoni ambiri amalemba 11.00, ndipo place ikulipira gawo limodzi mwa magawo anayi a ma odds amenewa. Hatchi ikapambana, mbali ya win ikubwezerani K22,000, ya place K7,000, zonse K29,000. Ikakhala yachitatu mulandira K7,000 yokha. Ikatsalira, K4,000 yonse yapita. Pa mpikisano wodzaza mahatchi ngati uwu, ife timaona kuti each way ndi yanzeru kuposa win, koma pokhapokha ma odds ali okwera. Pa 3/1, hatchi ikangolowa place mumabwerera ndi K3,500, yochepa kuposa yomwe munaika.

Posankha, musayambire pa dzina. Durban July ndi handicap: hatchi yamphamvu imasenzetsedwa makilogalamu ambiri kuti zofooka zikhalenso ndi mwayi, n'chifukwa chake yotchuka imagonja kawirikawiri. Onaninso nambala ya khomo lonyamukira. Bwalo la Greyville limakhota, ndipo kanjira koongoka komalizira n'kakafupi. Hatchi yonyamukira kunja kwenikweni imathamanga mamita owonjezera kapena kutsekerezedwa kumbuyo. Chachitatu, kodi inathamangapo bwino mamita 2,000 kapena kuposa? Ya liwiro pa 1,600 imatha kufooka pamapeto. Hatchi yotchedwa Do It Again inapambana mu 2018 ndi 2019, koma kubwereza kotere n'kosowa.

FUNSO: Ndinabetcha mu May, hatchi yanga sinathamange n'komwe, koma ndalama sanandibwezere. Kodi andibera? Ndine mayi wa ku Bangula.

YANKHO: Pepani mayi, mwina sanakubereni. Kubetcha mndandanda womaliza wa mahatchi opikisana usanatuluke kumapatsa ma odds okoma, koma lamulo la makampani ambiri ndi lakuti hatchi ikachotsedwa, ndalama sibwerera. Mukabetcha mndandanda utatuluka, hatchi n'kuchotsedwa, ndalama imabwezedwa. Okhawo amene apambana ndi hatchi ina amadulidwako pang'ono. Dikirani sabata yomaliza, koma osati mphindi yomaliza, poti netiweki ya kuchigwa kuno mukuidziwa, ndipo mahatchi akanyamuka kubetcha kwatsekedwa.

Betchani ku kampani yokhala ndi chiphaso cha MAGLA, bungwe la boma loyang'anira za kubetcha m'Malawi muno, ndipo sungani tiketi kapena uthenga wa pafoni, chifukwa podandaula adzafuna nambala yake. Wosakwana zaka 18 saloledwa. July ndi nthawi yomwe ndalama ya thonje ili m'manja. Chotsani kaye ya chimanga ndi ya fizi, yotsalayo muike malire musanatsegule foni, ndipo yaluzika musaithamangire pa mpikisano wotsatira.